A Nangula ndi Katundu wa Eni Ake

Mukadawaikira a Nangula mbuzi yonenepa mbali iyi, bawuti wadzimbiri mbali inayo, n'kuwanong'oneza kuti bawutiyo wavuulidwa m'nyanja, mbuzi mukadabwerera nayo kwanu. Bambo ameneyu anatha zaka zoposa makumi asanu akutolera zidutswa za sitima ija inamira, ndipo m'tauni muno munalibe munthu, kaya m'busa kaya chidakwa, amene sankadziwa zimenezi.

Dzina la sitimayo anthu anasiya kalekale kulitchula. Amangoti "sitima ija", aliyense n'kumva. Inanyamuka padoko m'mawa kunja kuli bata, itanyamula anthu oposa mazana awiri opita tsidya, ndipo isanafike pakati mphepo inaitembenuza operekeza akuona. Opulumuka sanakwane makumi atatu. Palibe banja lakale kuno limene silinataye munthu tsiku limenelo.

Nthawi imeneyo a Nangula anali mnyamata wa zaka makumi awiri, kalaliki wa katundu padoko. Ntchito yawo inali kulandira mabokosi, mitolo, njinga ndi madengu, kumangirira kakhadi pa chilichonse, n'kumuuza mwini wake kuti akhazike mtima pansi, katundu akamupeza tsidya. Katundu yense wa m'sitimayo anadutsa m'manja mwawo. Pambuyo pake kampani inatha, doko linasintha eni kawiri, chipinda cha katundu chinasanduka golosale, kenako tchalitchi, kenako nyumba ya mileme. Koma palibe bwana ngakhale mmodzi amene anabwera kudzawauza kuti ntchito yatha, ndiye iwo anaona kuti sinathe.

"Ndinalandira katundu wa anthu ndi manja angawa," ankatero. "Sanafike. Mukadakhala inu mukadangopukuta m'manja?"

Ena ankati mutu wawo suyenda bwino. Koma ambiri onena zimenezo ndi aja amabwereka khasu n'kulisandutsa lawo, ndiye maganizo awo tisataye nawo nthawi.

Amene anasenza mtolo wonsewu ndi akazi awo, amake mapasa. Iwowa anakwatiwa akudziwa kuti pansi pa bedi la mwamunayo pali kabokosi ka zitsulo, koma ankati ndi chibwana cha umbeta, chitha ana akabwera. Ana anabweradi, awiri tsiku limodzi, koma kabokosi kaja kanaswana kuposa iwo. Asodzi anali atazolowera kale kuti chilichonse cholemera chokodwa mu ukonde, chimene sichidyedwa, chili ndi kopita.

Dzina loti Nangula linabwera chaka chimene asodziwo anakola dzino limodzi la nangula wa sitimayo. Amuna asanu ndi mmodzi analikankha pa wilibala kuchokera kudoko. Wilibala yoyamba inathyoka mwendo pamsika, yachiwiri inaphulika tayala pachigayo. Litafika kunyumba, chitsulocho chinakana kulowa pakhomo. Bambowo anayang'ana chitsulo, anayang'ana khomo, n'kupita kukabwereka nyundo.

"Nyundoyo ndi ya chiyani?" anafunsa amake mapasa.

"Khomoli lachepa."

"Khomo lakhala likukwana anthu zaka zisanu ndi ziwiri, lero lachepa?"

"Anthu amapendekeka, amake mapasa. Chitsulo sichipendekeka."

Anagumula njerwa mizere iwiri. Chitsulocho chinakakhazikika m'chipinda cha alendo, ndipo kuyambira pamenepo alendo anayamba kugona pabalaza. Apongozi awo enieni, atabwera kudzaona zidzukulu, anagona milungu itatu mutu uli pansi pa tebulo, pamene masupuni a anthu akufa anali pa alumali m'chipinda chotseka bwino. Munali maloko, mabatani, mapedulo a njinga, theka la belu, zenera lozungulira la galasi lokhuthala, nsapato zachikopa zouma gwa, ndi zina zoti ngakhale mwini chipindayo sankadziwa kuti n'chiyani. Chilichonse ankachitsuka, kuchipaka mafuta, n'kuchimangirira kakhadi kodula pa katoni, kolembapo tsiku, malo, ndi amene anachivuula.

Musaganize kuti ankazitenga ngati zawo. Mukati "zitsulo zanu" ankakhumudwa ngati mwawatukwana. Iwo ankangosunga. Loweruka lililonse m'mawa ankavala kapusi yawo yakale ya kampani, imene inasuluka mpaka anthu kumatsutsana za mtundu wake, n'kutsegula zenera la chipindacho loyang'ana kumsewu, n'kukhala kuseri kwa katebulo. Kumbuyo kwawo kunali katani yobisa chilichonse. Lamulo linali lomwe lija la padoko: wofuna katundu saona katundu. Ayambe wafotokoza chinthu chake, ayankhe mafunso atatu, akakhoza onse ndiye katani igwedezeke. Mukalephera limodzi ankakuthokozani chifukwa chobwera, n'kukuitanitsirani tiyi.

Lamuloli silinkadziwa m'bale. Tsiku lina mvula inakokolola chivundikiro cha poto wamkulu wa amake mapasa pa thandala, chinatsika ndi ngalande mpaka kugombe, msodzi wina n'kuchitola, n'kuchibweretsa kumene zonse zimabwera. Mayiwo anachiona akusesa m'chipindamo, chitamangiriridwa kale kakhadi. Atangochigwira, amuna awo anatsokomola pakhomo.

"Loweruka. Pazenera."

Linali Lachiwiri. Anaphika masiku anayi akuvundikira poto ndi mbale. Loweruka anatuluka pakhomo, anazungulira nyumba yawo yomwe, n'kukaima pamsewu, oyandikana nawo atatulutsa mipando.

"Takulandirani, mayi. Tikuthandizeni?"

"Chivundikiro changa."

"Fotokozani."

"Bambo a mapasa, musandiyese wamisala."

"Fotokozani, mayi, pambuyo panu pangabwere anthu."

"N'chozungulira."

"Zivundikiro zonse n'zozungulira."

"Chinapindika mbali imodzi."

"Chinapindika bwanji?"

"Ndinakugendani nacho chaka chatha, chinakagunda khoma. Mukachedwa ndikuonetsani ndi poto wake."

A Nangula anaganiza kaye, n'kugwedeza mutu kuti umboniwo ukugwirizana ndi zimene iwo akukumbukira. Anachipereka ndi manja awiri, n'kuwafunira mayiwo ulendo wabwino.

Nayenso bwana wa nyumba yosungiramo zinthu zakale, wochokera kumzinda waukulu, anabwera ndi galimoto yoyera ndi taye, akufuna theka la belu lija kuti akaliike m'galasi. Analankhula ola lathunthu za mbiri ndi mibadwo ya m'tsogolo, thukuta lili kamukamu, poti pazenerapo panalibe mthunzi.

"Ndamva, bwana," anatero a Nangula. "Koma beluli ndi lanu?"

"Ndi la dziko lonse, bambo."

"Chabwino. Dziko lonselo lindiuze kuti m'kati mwake mwalembedwa chiyani."

Bwanayo sanadziwe. Anamwa tiyi wake ataimirira, n'kukwera galimoto. Wogula zitsulo zakutha, amene anayerekeza kufunsa kuti nangulayo angalemere bwanji pa sikelo, ndiye munthu yekhayo m'mbiri ya zeneralo amene sanapatsidwe tiyi.

Pa zaka zonsezo zinthu zimene zinatuluka kuseri kwa katani zinali khumi ndi chimodzi, kuwerengera ndi chivundikiro. Koma amake mapasa anaona zimene zinkachitika chinthu chikapeza mwini wake, ndipo n'chifukwa chake, ngakhale ankaopseza chaka chilichonse kuti adzataya zonse kudzala, sanatayepo ngakhale batani. Kunabwera mayi wina wokalamba, mwana wa telala, amene anati bambo ake ankadula mizere itatu ndi tupa pansi pa gudumu la makina awo osokera, mzere umodzi pa mwana aliyense. A Nangula analowa kuseri, anakhalako nthawi yaitali, n'kutuluka atanyamula mutu wa makina wofiira ndi dzimbiri. Mizere inalipo itatu. Sanalole kuti mayiyo anyamule yekha. Anausenza pamutu mpaka kunyumba kwake, kapusi ili m'thumba, ndipo atabwerako anakhala pakhonde osadya, misozi ikungotsika, iwo osaipukuta. Tsiku limenelo akazi awo anawakonda kuposa tsiku la ukwati, ngakhale sanawauze.

Koma panali munthu mmodzi amene lamuloli linkamupweteka chaka ndi chaka, ndipo linkawapweteka amake mapasa limodzi naye. Anali mphunzitsi wa masamu pasukulu ya kumtunda, mayi wamtali wosalankhulalankhula. Mayi ake anamira ndi sitima ija iye ali ndi zaka zitatu. Abale a bambo ake anamutenga mlungu womwewo kupita naye kutali, ndipo azakhali amene anamulera ankamuuza nkhani imodzi yokha: kuti mayi akewo ankathawa banja, analongedza zawo zonse m'bokosi, n'kusiya kamwana kwa oyandikana nawo nyumba osacheuka n'komwe. Analibe chithunzi chawo, analibe nsalu yawo, analibe ngakhale manda okaimapo. Atakula anapempha kudzaphunzitsa kuno, ndipo chaka chilichonse, Loweruka loyandikira tsiku la ngoziyo, ankaima pazenera.

"Ndabwera za katundu wa mayi anga."

"Fotokozani, aphunzitsi."

"Sindidziwa chimene ananyamula."

"Mtundu wake? Kukula kwake? Chizindikiro chilichonse?"

"Ndinali ndi zaka zitatu, bambo."

"Pepani kwambiri. Amake mapasa, tiyi wa aphunzitsi!"

Zinayenda choncho zaka khumi ndi zinayi. Tiyiyo mphunzitsiyo ankamwera kukhitchini, pa kampando kafupi, ndipo kumeneko n'kumene anayamba kumasuka. Tsiku lina anati, "Mayi, sindikufuna chinthu chamtengo wapatali. Ngakhale batani. Ndikungofuna choti ndigwire n'kunena kuti ichi chinali m'manja mwawo. Mwina ndikhoza kusiya kuwakwiyira." Amake mapasa anayang'ana mayi wa imvi akulankhula ngati kamwana kotayika pamsika, mtima unawawawa, ndipo anatsimikiza kuti chaka chotsatira munthu ameneyu sabwerera chimanjamanja.

M'chipinda chija, kupatula mwini wake, ankalowamo iwo okha, ndi tsache. Anasankha loko wamkuwa wokongola amene anakhala pa alumali zaka makumi atatu popanda womufunsa, anamuyang'anitsitsa mbali zonse, n'kukwera mtunda kupita kusukulu. Mphunzitsiyo poyamba anakana kwamtuwagalu. Iye amene amalanda mapepala a ana oonera mayeso akaonere yekha? Koma amake mapasa akafuna chinthu ankachifunadi. Anabwerera kachiwiri, kachitatu, mpaka mphunzitsiyo analoweza mayankho.

Loweruka lake linafika. Amake mapasa anaima kuseri kwa chitseko cha chipindacho, thireyi ya tiyi ili m'manja, akumvetsera.

"Azakhali anga anakumbukira china asanamwalire," anatero mphunzitsiyo, maso ali pansi. "Bokosi la mayi linali ndi loko wamkuwa."

A Nangula anawongoka pampando. "Kukula kwake?"

"Wokwana m'chikhatho."

"Kutsogolo kwake?"

"Kuli chithunzi cha mkango."

"Awiri mwakhoza, aphunzitsi." Anasendera pafupi mwachimwemwe. "Chizindikiro china chilichonse?"

"Kumbuyo kuli tizipsera titatu, ngati pamene panagunda mutu wa msomali."

A Nangula anavula kapusi pang'onopang'ono n'kuiika pa tebulo, chinthu chimene sanachitepo zenera lili lotsegula.

"Aphunzitsi, tizipsera timeneto sitinachokere m'nyanja. Tinabwera mlungu wa ukwati wa mapasa, pamene munthu wina m'nyumba muno anasowa nyundo, n'kukhomera msomali wa katani ndi loko wa eni ake. Azakhali anu akadatidziwa bwanji?"

Kuseri kwa chitseko amake mapasa anakumbukira msomali uja, poti anaukhoma ndi iwo. Anali ataiwaliratu. Tizipserato anatiwona zaka zambiri akupukuta fumbi mpaka anayamba kuyesa kuti lokoyo anabadwa nato. Mphunzitsiyo anangoti "Ndikhululukireni," n'kutembenuka, n'kumapita mothamanga, munthu wamkulu wolemekezeka, anthu a pamsewu akumuyang'ana. Tiyi anazirala pa thireyi.

Masana amenewo m'nyumbamo munamveka mawu amene sanamvekepo.

"Mulibe mtima!" anakuwa amake mapasa. "Mumakonda dzimbiri kuposa anthu! Lokoyo mudzapita naye kumanda? Mukadangotseka diso limodzi, munthu akadapeza mtendere!"

"Ndikadamupatsa loko wa bokosi," anayankha a Nangula motsitsa mawu, "ndikadamuuza kuti mayi ake analidi ndi bokosi. Ine zimenezo sindikuzidziwa. Inu mukuzidziwa?"

"Si inu munalandira katunduyo? Kumbukirani!"

"Mukuyesa sindinayese? Buku langa linamira ndi sitima. Tsiku lija ine maso anali pansi, amake mapasa, pa mitolo ndi pa zingwe. Ndikukumbukira njinga yobiriwira, ndikukumbukira dengu la nkhunda. Nkhope ngakhale imodzi ayi. Anthu mazana awiri anandidutsa apa, ine osadzutsa mutu."

Mkwiyo wa mayiwo unathera pomwepo, kunatsala manyazi okhaokha. Chaka chotsatira mphunzitsiyo sanabwere pazenera. Akakumana nawo pamsika ankapereka moni wa patali n'kukhotera kwa ogulitsa malasha.

Ndiye a Nangula anachita chimene palibe ankachiyembekezera. Loweruka lina sanatsegule zenera. Anapopa njinga, anamanga kabotolo ka madzi pa kaliyala, n'kunena kuti, "Katundu sanena kanthu. Ndikukafuna mboni." Ankafuna munthu aliyense wamoyo amene ankakhala mumzere wa nyumba za kuseri kwa chigayo zaka makumi asanu zapitazo, kumene mayi a mphunzitsi uja ankakhala. Nyumbazo zinagumulidwa kalekale, ndipo anthu ake anabalalika, ambiri a iwo kupita kumene njinga sifika.

Anafufuza zaka zitatu. Njinga itawakanika anayamba mabasi. Kwina anawaluma galu. Kwina anawayesa mlaliki n'kuwapatsa mwana wodwala kuti amupempherere, iwo n'kupempheradi. Kwina, atafunsa mwaulemu za mayi wamasiye wa zaka makumi asanu ndi anayi, ana ake anaitana abale, poganiza kuti mkuluyo wabwera kudzafunsira. Ankabwerako atatopa, miyendo itatupa, akuseka okha. Amake mapasa ankawasisita mapazi ndi madzi ofunda akuwakalipira kuti adzafera panjira ngati nkhuku, koma m'mawa wa ulendo wotsatira ndi iwo amene ankawasitira malaya. Ankadziwa kuti ulendowo unayambira pa loko wawo uja.

Ulendo womaliza anakhalako masiku anayi, n'kubwerako mvula itawavumba, akutsokomola, maso akuwala. Sanafike n'kuchipinda kwawo kuja. Mapasa anawatengera kuchipatala tsiku lomwelo. Pa tsiku lachitatu masana, odwala ena akulandira alendo, anakodola akazi awo n'kutulutsa pansi pa pilo kakhadi ka katoni kopinda pakati, komanga ndi chingwe.

"Katundu uyu ndi wa aphunzitsi. Ndinamupeza mayi amene anatsala nawo ali kamwana tsiku lija. Ali moyo, maso okha ndiwo anatha. Ndinamufunsa mafunso anga, wakhoza onse."

"Mukachira mukapereka nokha."

"Mukapereke inu. Koma muwafunse kaye." Anawanong'oneza funsolo.

"Bambo a mapasa, ngakhale pano? Munthu uja tinamuchititsa manyazi, mukufuna ndikamuimikenso pa mayeso?"

"Lamulo ndi lamulo. Funso ndi limodzi lokha. Awiri enawo ndawakhululukira, koma musakauze anthu."

Anamwalira m'mawa mwake. Kumaliro kunabwera anthu ochuluka moti msika unatsekedwa wokha. Asodzi ananyamula bokosi mosinthana kuchokera pakhomo lija logumula, ndipo wina anati aka n'koyamba chinthu cholemera kutuluka m'nyumba imeneyi popanda mafunso. Anthu anaseka, kenako kusekako kunasanduka kulira. Mphunzitsi uja anabwera, anaima kumbuyo kwenikweni, n'kuchoka mwambo usanathe.

Kuyambira pamenepo msewu umenewu unakhala ngati msewu wina uliwonse. Anthu odutsa amachepetsa liwiro akafika pazenera lija, n'kukumbukira, n'kupitirira. Asodzi akakola chitsulo amachitembenuzatembenuza m'manja, osadziwa kochipititsa, ena amangochibwezera m'madzi. Mapasa anati chipindacho achikonze kuti amayi awo azisungiramo alendo, zimene mayiwo anazipempherera zaka makumi anayi. Iwo anangoti, "Dikirani kaye." Ankasesamo monga kale, ndipo nthawi zina ankadzidzimuka atapeza kuti akudikira munthu wotsokomola pakhomo. Anawasowa kwambiri amuna awo, ndipo chimene chinawadabwitsa n'chakuti anasowa kwambiri zomwe zija zinkawakwiyitsa.

Kakhadi kaja kanakhala m'chikwama milungu isanu ndi umodzi. Sanakatsegule, poti sikanali kawo. Kawiri anayamba kukwera mtunda wa kusukulu n'kubwerera pakati, chifukwa cha manyazi. Kachitatu anafika. Ana anali ataweruka, ndipo mphunzitsiyo anali yekha m'kalasi akuchonga makope, manja ali mbuu ndi choko. Atawaona anaimirira msanga, n'kuwakokera mpando.

"Pepani ndi maliro, mayi. Ndinalephera kudzakuonani."

"Wolephera ndi ine, aphunzitsi. Ndinakulakwitsani ndine." Anatulutsa kakhadi, koma sanakapereke. "Malemu anandisiyira katundu wanu. Koma mukuwadziwa. Pali funso."

Nkhope ya mphunzitsiyo inagwa. "Mayi, chonde. Ine ndilibe yankho. Sindinakhalepo nalo."

"Ndi limodzi lokha. Akuti, phazi lanu lamanzere lili ndi chiyani?"

Mphunzitsiyo anati, ndi mawu ochepa kwambiri, "Chala chaching'ono chinakwera pa chinzake. Ndinabadwa nacho. Palibe amene amadziwa kuno, sindivula nsapato pagulu."

"Mwakhoza," anatero amake mapasa, ndipo anapereka kakhadiko ndi manja awiri.

Zala za mphunzitsiyo zinavutika ndi mfundo, poti a Nangula ankamanga mfundo zoti zipirire ulendo wa panyanja. M'katimo munali malemba awo aja oimirira bwino, a munthu wophunzira kulemba pa makhadi. Anayamba kuwerenga chamumtima, n'kulephera, n'kuyambanso mokweza, ngati akuwerengera kalasi.

"Mayi anu sanapereke katundu padoko, chifukwa analibe katundu. Mboni ndi mayi woyandikana nawo nyumba, amene anatsala nanu tsikulo, ndipo anasamuka chaka chomwecho. Akuti m'mawa umenewo mayi anu anakukhazikani pakhonde, anayeza phazi lanu ndi kachingwe, anakadula, n'kukamanga pa nsonga ya nsalu yawo. Ankapita tsidya kukakugulirani nsapato zanu zoyamba. Anati agula zokulirapo pang'ono chifukwa cha kachala kokwera ka kumanzere. Anati abwera mawa lake, ndipo musasambe madzi ozizira poti munali ndi chifuwa. Pepani kuti katunduyu wachedwa."

Anaika kakhadi pa makope. Anakhala pansi pa kampando ka ana, mawondo ali m'mwamba, n'kuwerama, n'kumasula nsapato yamanzere, n'kuvula sokosi. Anayang'ana phazi lakelo ngati akuliona koyamba. Kulira kwake kunayamba mwakachetechete, kenako kunamveka mpaka pabwalo.

"Zaka makumi asanu ndikuwakwiyira," anatero. "Ankabwerera, mayi. Ankabwerera mawa lake." Anapukuta maso ndi dzanja lachoko, nkhope n'kuyera. "Nanga bambo aja ndikawathokoze kuti? Ndinkawathawa pamsika."

Amake mapasa anadikira kuti kulirako kuphwe. Kenako anagwira desiki, anagwada pa simenti mawondo akulira, anatola sokosi n'kumuveka mphunzitsiyo, anatola nsapato n'kuilowetsa bwinobwino kuti isapane kachala kaja, n'kumanga zingwe. Mayi wa imvi uja anangotambasula mwendo, osakana.